Ana anga, werengani musanaponye ndalama pakati

Ana anga, ndamva kuti mwayamba kuphunzira poker. Khalani pansi kaye. Tisanamizane, poker ndi juga, ndipo amene amayamba kudyedwa ndi wosawerenga.

Makhadi onse alipo 52, mitundu inayi, mtundu uliwonse 13. Pa poker ya Texas Hold'em munthu amalandira awiri obisa m'manja, ndipo asanu amayalidwa patebulo kuti akhale a aliyense. Ma ace awiri, amene aliyense amawalakalaka, amabwera kamodzi pa maulendo 221. Ngakhale abwere, mnzanu wogwira makhadi wamba adzakudyanibe pafupifupi maulendo 15 pa 100. Tsono makhadi ambiri amene mudzalandire ndi otaya. Atayeni. Musachite manyazi, atayeni.

Ine chimene chidandisaukitsa ndi kudikirira flush, makhadi asanu a mtundu umodzi. Mvetserani bwino apa. Muli ndi ma spade awiri m'manja, ena awiri ali patebulo, kwatsala khadi limodzi loti litsegulidwe. Mwaona makhadi 6, osaoneka alipo 46. Mwa amenewa, ma spade otsala ndi 9 okha, ena 37 sakuthandizani. Ndiye kuti mukasewera kasanu, mudzapeza flush kamodzi, kanayi mudzaluza.

Tsopano funsani mtengo. Pakati pali 100, mnzanu akufuna muponye 50 kuti muone khadi lomalizalo. Kuluza kanayi ndi 200, kuwina kamodzi ndi 100. Mwalowa pansi. Koma akafuna 20 yokha, kuluza kanayi ndi 80, kuwina kamodzi ndi 100. Apo lowani. Makhadi ndi omwewo, chasintha ndi mtengo. Azungu amati pot odds. Ine sindinkawerenga zimenezi. Ndinkangoti ndaponyamo kale zambiri, sindingazisiye. Ana anga, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndalama ikafika pakati si yanunso. Si yanunso!

Zotsatira zake ndidazilawa. Ndalama ya lendi idapita. Ndidatenga katapila kuti ndibweze zimene ndidaluza, ya katapilayo idapitanso. Ndidanamiza mayi a kunyumba kuti malipiro achedwa, ndipo tsiku limene adadziwa zoona sadalalate, adangosiya kundikhulupirira. Ngongole ndidabweza, koma kuti mawu anga amvekenso m'nyumba mwanga padapita zaka.

Adzakuuzani za Chris Moneymaker, wowerengera ndalama wa ku Tennessee, amene adalowa kudzera pa intaneti nkupambana World Series of Poker ku Las Vegas mu 2003, natenga madola 2.5 miliyoni. Nzoona. Koma osewera adalipo 839, malo aliwonse mtengo wake madola 10,000, ndipo ambiri mwa iwo adatuluka chimanjamanja. Amenewo satchulidwa. Kumbukiraninso kuti mwini nyumba ya juga amatapako pa ndalama za pakati, muwine musawine.

Ngati mwatsimikiza kuphunzira, yambani ndi nyemba kapena timiyala, osati ndalama. Phunzirani kuleza mtima mpaka mukhale omaliza kulankhula, chifukwa womaliza amakhala ataona zimene anzake achita. Mukapsa mtima, dzukani. Mukamwa mowa, musakhale patebulo. Ndipo ndalama ya fizi, ya lendi, ya ufa, isiyeni kunyumba musanatuluke. Mukaluza imene mudapatula, nyamukani nthawi yomweyo, musabwereke kwa munthu aliyense.