Kabuku ka kuchipatala si ka apongozi

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wa zaka 27, kwawo kwa Nthondo ku Ntchisi, yemwe anatengedwa chitengwa ndipo akukhala kwa mwamuna wake m'dera la Msakambewa ku Dowa. Ali ndi ana anayi, onse aakazi. Wotsirizayo anabadwa pa opaleshoni chaka chatha, mayiyu atatsitsidwa m'mapiri pangolo usiku, mpaka anamuwonjezera magazi. Anamwino anamuuza kuti ayambe wapuma. Iye anayamba kubayitsa jakisoni wakulera mwakabisira tsiku la sikelo, kabuku ka kuchipatala n'kumakabisa kunsi kwa thumba la ufa.

"Apongozi anakapeza potapa ufa, n'kupatsa alamu anga kuti awawerengere," akutero m'kalatamo. "Pano aitana ankhoswe. Amuna anga akuti jakisoniyo ndiye akuwafooketsa kuchipinda, apongozi akuti ndikutsekereza mwana wamwamuna. Kabuku alanda, ndipo tsiku lobayitsa lapitirira ndi sabata ziwiri. Pena ndimaona timagazi tikakhala malo amodzi, koma zimenezo n'za jakisoni basi. Ndipepese bwanji, Azakhali, kuti banja langa lisathe?"

Mawu opepesera Azakhali sapereka. Chawaimitsa mutu ndi timagazi timene mayiyu watitchula mongodutsa, ngati nkhani ya mnzake. N'zoona kuti jakisoni wa Depo amasokoneza msambo: ena amadonthezadontheza, ena amasiyiratu kusamba, ndipo si kuti magaziwo akuunjikana m'mimba monga amanenera amayi kumjigo. Koma magazi obwera pambuyo pokhala malo amodzi ndi nkhani ina. Atha kukhala matenda opatsirana, atha kukhala zilonda za pakhomo la chiberekero, ndipo Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi kwambiri padziko lonse. Mayi wosadziyeza alibe mphamvu yogamula yekha kuti "n'za jakisoni basi". Kuyeza kwake n'kwa mphindi zochepa: namwino amapaka viniga pakhomopo n'kuyang'ana ngati patuluka mawanga oyera, ndipo akawapeza msanga amawawotcha, nthawi zambiri tsiku lomwelo. M'zipatala za boma salipiritsa. Popita atengenso mwana wake woyamba ngati wakwana zaka 9, chifukwa kuyambira 2019 atsikana a msinkhu umenewo amalandira katemera woteteza ku khansayi.

Za sabata ziwirizo asadikire mlandu uthe. Malangizo a bungwe la WHO amalola kubaya Depo ngakhale mayi atachedwa mpaka sabata zinayi. Kabuku kena amagula, dzina lake lili kale m'kaundula wa mlangizi wa zaumoyo. Milandu ya ankhoswe imatha kukoka mpaka fodya atatha kumsika, pomwe mimba pachilonda cha opaleshoni siidikira chigamulo. Chiberekero chosokedwa chikasenzanso katundu msanga chimatha kung'ambika pachipsera. N'chifukwa chake achipatala amati papite zaka ziwiri mwana atabadwa mayi asanatengenso pathupi.

Tsono apongozi. Kufukula thumba la ufa la mkazi wa mwana wako, kupeza kabuku kake, n'kukaitanira wina kuti awerenge mokweza pakhonde, kumeneko n'kuvula munthu pagulu. Wofunika kugwada pabwalopo ndi ameneyo. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limapatsa munthu aliyense ufulu wosankha chiwerengero cha ana ndi nthawi yowabereka, ndipo limauza achipatala kupereka njira zakulera kwa wozifuna, kaya wabwera ndi mwamuna wake kaya ali yekha. Apongozi mulibemo m'lamulomo. Chodabwitsa n'chakuti amayi a msinkhu wawo ndi omwewo ankanyoza mkazi wotumbiza mwana asanayende, ankalamula banja kudika, ena ankavala mkuzi m'chiuno kuti mimba isabwere. Kulera ankakudziwa bwino lomwe. Chawapweteka n'chakuti nkhaniyi sinadzere kwa iwo.

Ndipo kodi Mchewa anayamba liti kulira chifukwa cha ana aakazi? Mudzi wa Achewa umakula ndi mbumba, ufumu umayenda m'mimba ya mlongo. Chitengwa chasuntha mayiyu mudzi, koma sichinasinthe zimenezo. Ngati apongozi akufunadi wom'funsa za mwana wamwamuna, afunse mwana wawo: mbewu ya bambo ndiyo imagamula kuti khanda likhale lalimuna kapena lalikazi.

Bamboyo naye amve. Jakisoni wobayidwa mkazi sadumphira m'thupi la mwamuna. Ngati mphamvu zachepadi, olakwa odziwika ndi shuga, kuthamanga kwa magazi, kachasu, ndi kugona ukuwerengera ngongole ya feteleza. Zonsezi amaziona kuchipatala chomwecho chimene iye sanapondeko chibadwire mwana wachinayi. Azakhali aonanso kuti m'kalata yonse mulibe pamene bamboyu wafunsa ngati chilonda cha mkazi wake chinapola.

Mayiyu alinso ndi pake pomudzudzula. Akupita kubwalo yekha, mutu uli pansi, ngati wakuba nkhuku. Aitane malume ake kuchokera kwa Nthondo, popeza ankhoswe amakhala a mbali ziwiri. Ndipo pabwalopo asayambe ndi kupepesa. Afotokoze za usiku wa pangolo uja, anene mabotolo a magazi amene anamuika, afunse amene adzalere ana anayiwa iye akakatsala kuchipatala. Chinsinsi chatha kale, choncho asankhe poyera njira yomuyenera: Jadelle ya pamkono imakhala zaka 5, Implanon zaka 3, lupu zaka 10 kapena kupitirira, ndipo pali Sayana Press imene mayi amaphunzitsidwa kudzibaya yekha kunyumba, yothandiza kwa amene amawoloka mitsinje yodzadza m'dzinja.

Apongozi ena owerenga tsamba lino, ku Malomo, Mvera, Madisi kapena Mponela, adziwe kuti mkamwana wobayitsa si wachilendo. M'zaka zoyambirira za ufulu boma la Kamuzu Banda linkakaniza kulera, mpaka mu 1982 pamene linavomera ndondomeko yobereka motalikirana. Mu 1992 amayi apabanja 7 okha mwa 100 alionse ndiwo ankagwiritsa ntchito njira zamakono, ndipo mayi ankabereka ana pafupifupi 7. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anapeza 58 mwa 100, ana atatsika kufika pa anayi kapena asanu. Koma kafukufuku yemweyo anapezanso kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo, amayi 439 ankamwalira ndi uchembere. Pamaliro oterowo apongozi ndiwo amalira mokweza, kenako ana amasiye n'kuwabwezera kuchikazi.

Abambo amene akuti jakisoni wa mkazi ukuwavuta, njira yawo ilipo. Kutseka abambo kumatenga nthawi yosakwana ola, sikuchotsa chilakolako ngakhale mphamvu, ndipo a Banja La Mtsogolo, omwe akhala akugwira ntchito m'dziko muno kuyambira 1987, amachita zimenezi, monganso zipatala zina za boma. Ankhoswe a kwa Msakambewa akakhala pansi, aiikenso imeneyo pamndandanda wa zokambirana, ndipo kabuku kabwezedwe kwa mwini wake mlandu usanayambe.