Pakhonde pa Azakhali: Mfiti palibe, vuto ndi kamera

Azakhali,
Ndimajambula mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe. Masana ntchito imayenda, koma usiku ndimaona malodza. Vidiyo ya chinkhoswe china yatuluka ndi mizere yakuda yoyendayenda, ndipo pankhope pa mkwatibwi pakuvina timadontho tobiriwira. Eni mwambo akukana kumaliza kundilipira, pamene agogo ena akuti alipo amene anatchera mankhwala. Kamerayi ndi yatsopano, anandigulira msuweni wanga ku America. Nditani?
Wothedwa nzeru, Ndirande

Mwanawe,
Kamera yangochoka ku America, iwe basi mapewa m'mwamba, osatsegula ndi menyu yomwe! Asiye agogo apume. Kamera yakoyo ikudziyesabe ili kwawo.

Magetsi athu kuno ndi a 50 Hz, a ku America ndi a 60 Hz. Mababu ambiri, makamaka machubu ndi ma LED otchipa, kuno amaphethira maulendo 100 pa sekondi. Diso lako silingaone, koma kamera siphonya. Ikamajambula mwa kwawoko, mafelemu 30 kapena 60 pa sekondi, imasemphana ndi kuphethirako, ndiye mizere yako ija. Sinthira ku PAL, uike mafelemu 25 pa sekondi, shutter pa 1/50, kapena 1/100 ngati malowo awala kwambiri. Pakakhala jenereta uchenjere, chifukwa ikalemedwa ndi masipika a DJ liwiro lake limakwera n'kutsika. Zikatero sintha shutter pang'onopang'ono, maso ali pa sikirini, mpaka mizere itazilala. Ukadzapeza kangachepe, ugule nyali yojambulira ya batire.

Tsopano mizukwa yako yobiriwirayo. Taiseweranso vidiyoyo uonetsetse. Babu likakhala pamwamba kumanzere, kadontho kali pansi kumanja; ukasuntha kamera, nako kamasuntha. Kumeneko ndi kuwala kwa babu komwe kukunjanja pakati pa magalasi a lenzi. Ndikudziwa unamangirira fyuluta ya UV kutsogolo kuti lenzi ya msuweni isakandike. Masana ili bwino, koma usiku ichotse, chifukwa galasi lowonjezeralo ndi limene limachulukitsa timadonthoto. Veka kamera lens hood, ndipo uime poti babu likhale kumbuyo kwako kapena cham'mbali, osati maso ndi maso ndi kamera.

Chinanso, ndimakuonani anyamata ojambulanu pamzere wa chakudya: dzanja ili ntchafu ya nkhuku, dzanja lomwelo pa lenzi. Kachala kamodzi ka mafuta n'kokwanira kuti nyali iliyonse imere michira, nkhope ya mkwatibwi n'kuchita chifunga. Yenda ndi kansalu kofewa kopukutira magalasi, osati m'mphepete mwa shati yomwe wapukutira thukuta.

Za ndalamazo, usalimbe mutu. Anthu anadikira chaka kuti aone mwana wawo akuwala, iwe wawapatsa mbidzi. Pita ukapepese, utsitseko mtengo, mbiri yako isafe ndi chinkhoswe chimodzi. Ulendo wina uzifika dzuwa lisanalowe, uwapemphe ayatse nyali zonse, ujambule mphindi imodzi n'kuionera pomwepo anthu asanadzaze. Ukachita zimenezi udzandiitane ku ukwati wako, koma wojambula ndidzasankha ndine.

Ndine Azakhali ako.