Sitima Ili pa Chithunzi cha Agogo

M'mabanja ambiri muli chithunzi chakale chosungidwa m'sutikesi, pansi pa zovala. Mwina kwanunso chiliko. Agogo aamuna aima chilili, avala ovolosi ndi kapusi. Kumbuyo kwao kuli chimutu cha sitima ya malasha. Eni akewo anatisiya kale. Lero ana akafunsa kuti, "Kodi apa n'kuti?" azakhali amati ndi ku Limbe. Amalume amati iyayi, ndi ku Bulawayo, kumene agogo anakagwira ntchito ali mnyamata. Mkangano wake sutha.

Inu tsopano mumadziwa kuwerenga malemba ndi manambala. Mlandu umenewu mungathe kuuweruza. Mboni yanu ndi sitimayo.

Sambani m'manja, mutenge chithunzicho, mukhale nacho pakhonde powala bwino. Chigwireni m'mbali. Ngati maso akuvuta, mwana achijambule ndi foni kuti achikulitse.

Yambani ndi malemba

Yang'anani pa kachipinda ka dalaivala, ndi pa ngolo ya malasha ndi madzi imene ili kumbuyo kwa mutuwo. Ngati mabogi akuoneka, yang'ananinso pamenepo. Makampani a njanji ankakonda kulemba dzina lao mwachidule.

Mukaona NR, ndiye kuti Nyasaland Railways. Iyi ndi kampani ya kwathu kuno, imene inayamba mu 1930. Dziko litalandira ufulu mu 1964, dzinali linasintha n'kukhala Malawi Railways. TZR ndi njanji yochokera ku mtsinje wa Zambezi kupita cha ku Beira, imene inatsegulidwa mu 1922. RR ndi Rhodesia Railways, ya ku Bulawayo ndi ku Northern Rhodesia, kumene lero ndi ku Zambia. SAR ndi ya ku Joni.

Koma apa musafulumire. NR ndi NRZ si chimodzi ayi. Chilembo chimodzi chokhacho, Z, chikusintha nkhani yonse. NRZ ndi njanji ya ku Zimbabwe, ndipo dzinali linabwera mu 1980. Mukaliona, dziwani kuti chithunzicho si chakale monga mmene mumaganizira. Mwina amene ali pamenepo si agogo n'komwe, koma mwana wao wofanana nawo nkhope!

Werengani magudumu

Nthawi zina malemba saoneka. Anafufutika, kapena agogo anaima powatchinga. Musataye mtima. Tsikirani pansi, muwerenge magudumu.

Mutu wa sitima ya malasha uli ndi magudumu akuluakulu pakati, olumikizidwa ndi chitsulo chachitali. Amenewa ndiwo amakoka sitima. Kutsogolo kwake kumatha kukhala magudumu ang'onoang'ono, kumbuyonso chimodzimodzi. Anthu a njanji amawerenga motere: ang'ono akutsogolo, akulu apakati, ang'ono akumbuyo. Magudumu a ngolo ya malasha ija sawerengedwa.

Kumbukirani kuti pa chithunzi mukuona mbali imodzi yokha. Gudumu lililonse lili ndi linzake kuseriko. Tsono nambala iliyonse muichulukitse ndi 2.

Tiyese. Mwaona gudumu laling'ono limodzi kutsogolo, akulu anayi pakati, laling'ono limodzi kumbuyo. 1 akhala 2, 4 akhala 8, 1 akhala 2. Mulemba 2-8-2. Mitu yotere inaliko kuno. Inabwera itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo a njanji ankaitcha gulu la G. Ina mwa iyo inapangidwa ku Glasgow, ku Scotland.

Nanga mukaona ang'ono awiri kutsogolo, akulu anayi, kumbuyo kulibe? Mulemba 4-8-0. Pamene palibe gudumu timalembapo 0. Mitu yotere inali kuyenda kuno kale gulu la G lisanabwere.

Magudumu okha sangakuuzeni dziko, chifukwa 4-8-0 inalinso ku Rhodesia ndi ku Joni. Koma mukalemba manambalawo pa pepala, munthu amene anagwirapo ntchito ku njanji angathe kukuthandizani msanga.

Pali mtundu wina wosasowa. Chimgolo chowiritsiramo madzi chili pakati, cholenjekeka ngati machila. Kutsogolo kwa chumuni kuli thanki ya madzi, kumbuyo kuli malasha, ndipo magudumu akuluakulu ali magulu awiri, lina kutsogolo lina kumbuyo. Dzina lake ndi Garratt. Mitu yotere inali yambiri zedi ku Rhodesia, makamaka pa njanji ya Bulawayo ndi Wankie, kumene abale athu ambiri ankakumba malasha. Mukaona Garratt yaikulu, mawu a amalume aja ayamba kumveka.

Koma ngati kamutuko n'kakang'ono, kopanda ngolo ya malasha, ndipo thanki ya madzi yakhala pamsana ngati chishalo, yang'anani dzina pambali pake. Timitu tiwiri toyamba pa njanji ya kwathu tinali ndi maina, Thistle ndi Shamrock. Tinapangidwa ndi kampani ya Bagnall ku England. Titapuma ntchito, Thistle anaisunga pa siteshoni ya Limbe, ndipo Shamrock anaipititsa ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Chichiri.

Kupeza chaka

Pambali pa mutu pamakhala kachikwangwani kachitsulo. Pamenepo analembapo dzina la amene anaupanga ndi chaka chake. Ngati alemba 1949, chithunzicho sichingakhale cha 1945. Koma chingathe kukhala cha 1960, pakuti mutu umodzi unkagwira ntchito zaka zambiri.

Malo nawonso amanena chaka. Sitima inafika ku Blantyre mu 1908, kuchokera ku Nsanje. Ku Salima inafika mu 1935, chaka chomwenso anatsegula mlatho wautali wa pa Zambezi. Ku Lilongwe njanji inafika mochedwa, mu 1979, sitima za dizilo zitalowa kale m'malo mwa za malasha. Tsono wina akakuuzani kuti agogo anajambulitsa ndi sitima ya malasha pa siteshoni ya Lilongwe, mufunseni bwino.

Chikwangwani cha siteshoni chikaoneka, mwachita mwayi. Maina ena anasintha. Port Herald ndiye Nsanje. Broken Hill ndiye Kabwe. Salisbury anakhala Harare mu 1982.

Zimene mwapezazo mupite nazo kwa achikulire amene akali moyo. Musangowafunsa kuti, "Apa n'kuti?" Muwauze kuti, "Gogo, apa palembedwa RR." Mudzadabwa kuona mmene chilembo chimakumbutsira munthu nkhani imene anaiwala.

Mukamva zonse, tembenuzani chithunzicho. Lembani kumbuyo ndi pensulo, osati bolopeni, chifukwa inki imadutsira kumaso. Musasindikize kwambiri. Mulembe dzina la agogo, mudzi wao, malemba a pa sitima, ndi manambala a magudumu. Chaka ngati simuchidziwa bwino, lembani "cha m'ma 1950". Ngati pena azakhali ndi amalume sakugwirizanabe, lembani mawu a onse awiri.

Zoti muchite

Mutu wina uli ndi magudumu ang'ono awiri kutsogolo, akulu atatu pakati, kumbuyo kulibe. Mwauona mbali imodzi. Lembani manambala ake m'kope mwanu, mukawaonetse anzanu.