Musanatumize masokosi othina kwa amayi ku Area 49

Uthenga ukafika woti miyendo ya amayi yayambanso kutupa, ambiri a ife okhala ku Leeds, Dublin kapena Johannesburg timathamangira pa intaneti kukagula masokosi othina aja, amene pa paketi amalemba kuti compression stockings. Timapatsira munthu wopita kumudzi, katundu n'kufika ku Gulliver kapena ku Shire, amayi n'kuthokoza. Pakapita mwezi mukafunsa, yankho limakhala lakuti, "Ndinayesa mwanangu, akukanika kulowa." Ndalama yapita, miyendo ikadali yotupa. Nthawi zambiri cholakwika chimakhala mphamvu ya sokosiyo, muyeso wake, kapena kuti palibe anawaonetsa amayi kavalidwe kake.

Masokosi amenewa amathina kwambiri pa akakolo, n'kumamasuka pang'onopang'ono pokwera ku bondo. Potero amathandiza mitsempha yofooka kukweza magazi kubwerera kumtima m'malo moti adikhe kumapazi. Amayi amene mitsempha yawo inatupa n'kupiringizika m'katumba, kapena amene amatandala chiimire pa geni, amapepukidwa nawo ndithu.

Koma kutupa miyendo kuli ndi magwero ambiri, ndipo apa m'pamene ndikupempha kuti musapupulume. Mtima, impso ndi chiwindi zikadwala zimatupitsa mapazi. Mankhwala a BP otchedwa amlodipine, amene ambiri amamwa kwathu, nawonso amatupitsa akakolo mwa anthu ena, ndipo zikatero dokotala ndiye woyenera kuona chochita. Choopsa kwambiri n'chakuti munthu amene mitsempha yake yotsitsa magazi kumapazi inachepa njira, sokosi yothina ikhoza kumupatsa chilonda chosapola. Odwala matenda a shuga amene mapazi awo anachita dzanzi sangamve n'komwe kuti sokosi ikuwadya khungu. Choncho ndalama yoyamba imene mutumize ikhale ya minibasi kapena kabaza yoti amayi akaonedwe kuchipatala, ndipo akafunse mwachindunji ngati masokosi othina ndi owayenera. Mwendo umodzi ukatupa mwadzidzidzi, n'kumapweteka komanso kutentha, imeneyo si nkhani ya masokosi ayi. Mwina magazi aundana mumtsempha, ndipo apite ku Kamuzu Central tsiku lomwelo.

Achipatala akavomera, yang'anani manambala a mmHg osonyeza mphamvu ya kuthina pa paketi, osangodalira mawu akuti kalasi 1 kapena kalasi 2, chifukwa mayiko amawerenga mosiyana. Ku Britain kalasi 1 ndi 14 mpaka 17, kalasi 2 ndi 18 mpaka 24. Pa muyeso wa ku Germany, umene makampani ambiri a ku Ulaya amatsata, kalasi 1 ndi 18 mpaka 21, kalasi 2 ndi 23 mpaka 32. Ku America amangolemba 15 mpaka 20, kapena 20 mpaka 30. Mukuona kuti munthu atha kugula kalasi 2 ya ku Germany akuganiza kuti ndi yapakatikati, pomwe watumizira gogo wa nyamakazi m'zala chinthu chimene ngakhale mnyamata angatuluke nacho thukuta. Ngati dokotala sanatchule nambala yokwera, ine ndingayambire pa zofewa. Sokosi yofewa yovalidwa tsiku lililonse imagwira ntchito kuposa yamphamvu yogona m'sutikesi. Inu ogwira ntchito yosamalira okalamba ku Britain mukudziwa masokosi oyera amene amaveka odwala akachoka ku opareshoni. Amenewo ndi a munthu wogona pabedi, sanapangidwire mayi woyenda kupita kumsika.

Saizi ya nsapato isakunamizeni. Pemphani mdzukulu abwereke tepi kwa telala wa pakhonde, ayeze amayi m'mamawa atangodzuka, miyendo isanatupe. Ayeze kuzungulira pamwamba pa fupa la akakolo pomwe mwendo waning'a kwambiri, kuzungulira katumba pomwe wanenepa kwambiri, ndi kutalika kuchokera pansi kufika zala ziwiri kunsi kwa bondo. Ayeze miyendo yonse iwiri, alembe masentimita papepala, ajambule, akutumizireni pa WhatsApp. Sigvaris, Medi, Jobst, Juzo ndi Activa aliyense ali ndi tchati chake cha masaizi, ndiye yerekezani manambalawo ndi tchati cha kampani imene mukugulayo.

Pa mtundu, sankhani ofika m'munsi mwa bondo pokhapokha dokotala atanena zina. Ofika m'ntchafu amavuta kuvala, amatsika, ndipo kutentha kwa Okutobala ku Lilongwe palibe angapirire nawo. Ndimakonda otsegula ku zala, chifukwa amayi athu amatandala atavala masilipasi, zala zimapuma, ndipo mdzukulu atha kuona msanga ngati zasintha mtundu. Mtundu wakuda subisa fumbi kwenikweni, koma umaoneka bwino pansi pa chitenje kuposa uja amati wa khungu, umene anaupangira khungu la azungu.

Kavalidwe ndi kamene kamagonjetsa ambiri, ndiye kaonetseni pa kanema wa foni muli ndi sokosi yanu m'manja. Avale m'mamawa asanayambe kuyendayenda, khungu lili louma. Alowetse dzanja m'sokosi, agwire pa chidendene, aitembenuze mpaka pamenepo. Phazi lilowe, chidendene chikhale m'malo mwake, kenako azikweza pang'onopang'ono ndi zikhatho, osakoka mwamphamvu kumtunda. Magolovesi a labala otsukira mbale amagwira nsaluyo bwino komanso amateteza ku zikhadabo. Ngati sokosi ndi yotsegula ku zala, kajumbo kovekedwa kuphazi kamaiterereketsa, ndipo ikalowa mumangokasolola chakutsogolo. Kwa amene msana sulola kuwerama, kuli kachitsulo kotambasulira sokosi kotchedwa Medi Butler. Kamadya malo m'chikwama, koma kwa mayi wokhala yekha n'koyenera malo amenewo. Makwinya asalazidwe onse, ndipo kumtunda asapinde ngakhale pang'ono, chifukwa popindidwapo pamamanga mwendo ngati lamba. Usiku avule. Zala zikazizira, kuchita dzanzi kapena kupweteka, avule nthawi yomweyo.

Gulani mapeya awiri kuti ina ikamauma ina ikhale kumwendo. Azichapa ndi manja, osapikicha pamwala, osapotokola pofinya, n'kuyanika pamthunzi. Simbi isafike pafupi. Vaseline ndi mafuta ena odzola amawononga ulusi wotanuka, ndiye azidzola usiku atavula. Pakatha miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi mphamvu yake imakhala itatha, ngakhale ikuoneka yabwinobwino.

Inunso mudzigulire anu. Bungwe la WHO linanena mu 2007 kuti kukhala pansi paulendo wa maola anayi kapena kuposerapo kumachulukitsa kawiri chiopsezo choti magazi aundane m'miyendo. Ndege yodzera ku Addis Ababa kapena Nairobi imadutsa pamenepo kutali, nanji basi yochokera ku Joni kudzera ku Beitbridge ndi Tete.

Mukadzafika ku Area 49, musangopereka paketi n'kupitiriza kugawa zina. Dzukani m'mamawa, mugwade, muwaveke amayi nokha, kenako muone iwo akuvala okha mpaka atha.