Mmene ma ARV amagwirira ntchito: phunziro lochokera ku Gaborone

Gaborone ndi likulu la dziko la Botswana. Mzindawu uli pafupi ndi malire a South Africa. Ndi waung'ono poyerekeza ndi Lilongwe, chifukwa mumakhala anthu pafupifupi 250,000 okha. Amalawi ena amapita kumeneko kukasaka maganyu ndi ntchito, pakuti ndalama yakumeneko, Pula, ili ndi mphamvu kuposa Kwacha. Pakati pa mzindawu pali chipatala chachikulu cha boma chotchedwa Princess Marina.

Cha m'ma 2000 zinthu zinafika poipa m'dzikolo. Mwa amayi atatu alionse oyembekezera amene ankayezedwa kusikelo, mmodzi ankapezeka ndi kachilombo ka HIV. Za maliro a nthawi imeneyo sitichita kuuzidwa, tinawaona tokha m'midzi mwathu muno. Pulezidenti wawo, a Festus Mogae, sanabise mawu. Ananena poyera kuti mtundu wa anthu awo ukhoza kutha psiti. Mu Januwale 2002 boma linayamba kugawa ma ARV aulere pachipatala cha Princess Marina, pansi pa ndondomeko yotchedwa Masa. Ndalama zinachokera ku miyala ya dayamondi, ndipo bungwe la a Bill Gates ndi kampani yopanga mankhwala ya Merck anathandizapo. Kuno kwathu ma ARV aulere anayamba mu 2004.

Lero pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi munthu amene amamwa mankhwalawa. Koma ambiri timangomwa, osadziwa chimene piritsilo likukachita likafika m'thupi. Tiyeni tione.

Kachilombo kamabisala mkati

M'magazi mwathu muli asilikali oteteza thupi ku matenda. Ena mwa asilikaliwa achipatala amawatcha CD4. Kachilombo ka HIV sikangaswane pakokha. Kamayenera kulowa mkati mwa msilikali wa CD4, n'kumusandutsa malo oswanirana. Tizilombo tatsopano tikatuluka, msilikaliyo amafa, ndipo ito timakalowa mwa asilikali ena.

Zimenezi zikufanana ndi nankafumbwe m'thumba la chimanga. Amaboola njere, n'kuikira dzira mkati. Kunja thumba limaoneka labwinobwino kwa miyezi. Tsiku lomwe mudzaone ufa ukuthothoka pansi, ndiye kuti mkati mwatha kale. Munthu nayenso amatha zaka zambiri ali wonenepa, akulima, akukwera njinga, pamene asilikali ake akuchepa mwakachetechete. Akachepetsetsa m'pamene pamabwera chifuwa chachikulu, mashingozi, kutsegula m'mimba kosatha, zilonda za m'kamwa ndi matenda oumitsa khosi. Pamenepo ndi pamene timati munthu wadwala Edzi.

Piritsi limodzi, mankhwala atatu

Piritsi limene ambiri akumwa masiku ano ndi limodzi patsiku, koma mkati mwake muli mankhwala atatu: tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Kuchipatala kwathu amalitcha 13A. Awiri oyambawo amalepheretsa kachilombo kudzikonzekeretsa kuswana kakangolowa mwa msilikali. Wachitatuyo amakatsekera njira kuti kasakhazikike pakatikati pa msilikaliyo. Mmene zimachitikira kwenikweni ndi nkhani ya akatswiri. Ife tingogwira mfundo iyi: kachilombo katsekeredwa njira m'malo awiri osiyana, ndiye kuti kapulumuke n'kovuta.

Botswana inayamba kugwiritsa ntchito dolutegravir mu 2016, patsogolo pa maiko ambiri a mu Africa. Chaka chomwecho inalamula kuti aliyense wopezeka ndi kachilombo ayambe mankhwala osadikira kuti adwale kaye. Kuno dolutegravir inafala mu 2019. Amene munamwako piritsi lakale lotchedwa 5A mukukumbuka chizungulire ndi maloto oopsa aja. Ambiri atasinthidwira ku 13A zimenezi zinatha.

Kachilombo kakaleka kuswana, tizilombo timachepa m'magazi, asilikali amayamba kuchulukanso, ndipo thupi limabwerera. Pakatha miyezi 6 munthu amatengedwa magazi kuti aone kuchuluka kwa tizilombo. Achipatala amati viral load. Akakuuzani kuti tizilombo sitikuoneka, sangalalani, chifukwa munthu wotere sapatsira mkazi kapena mwamuna wake kachilomboka. Koma musamve molakwa. Kusaoneka si kutha. Tizilombo tina timagona mwa asilikali ena kumene mankhwala sangatichotse. Mukangoleka kumwa, pakatha milungu yochepa timadzuka n'kuyambiranso kuswana. Choncho wina akakuuzani kuti mwachira, tayani mabotolo, kaya ndi sing'anga, kaya ndi mneneri, kaya ndi mlamu wanu, musamvere. Pemphero ndi labwino, koma pempherani mukumwa.

Kuopsa kodumphadumpha

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Mlimi akathira mankhwala operewera m'thumba pofuna kuti botolo limodzi likwanire matumba ambiri, anankafumbwe ofooka amafa koma olimba amatsala, ndipo ndiwo amaswana. M'thupi zimakhalanso choncho. Mukamwa lero, mawa osamwa, mkuja n'kumwa, mankhwala amachepa mphamvu m'magazi. Kachilombo kamapeza mpata woswana mankhwala ali pomwepo, ndipo ena mwa ana ake amabadwa osamva mankhwalawo. Zikatero piritsi lomwe lija silithandizanso. Amakusinthirani ena, amene nthawi zambiri amakhala ochuluka komanso ovuta kumwa.

N'chifukwa chake kugawana mapiritsi si chifundo ayi. Mwamuna amene akuopa kukayezetsa n'kumatapa m'botolo la mkazi wake akudzipweteka yekha, akupwetekanso mayi wa ana ake, chifukwa onse awiri mankhwala adzawathera mwezi usanathe. Mowa nawo ndi mdani, osati chifukwa umasungunula piritsi, koma chifukwa woledzera amaiwala. Sankhani nthawi imodzi, monga m'mawa mukangosukusula, ndipo muisunge. Mukaiwala, imwani pamene mwakumbukira tsiku lomwelo, koma musamwe awiri nthawi imodzi pofuna kubweza ngongole ya dzulo. Botolo lizikhala lotseka bwino, pamalo ouma, kutali ndi dzuwa ndi ana.

Pali chinthu china chimene ambiri sadziwa. Dolutegravir sagwirizana ndi mankhwala oziziritsa kutentha kwa pamtima, aja ambiri amagula pagolosale, komanso mapiritsi owonjezera magazi amene amayi amalandira kusikelo. Zikakumana m'mimba yopanda kanthu, zimagwirana, ndipo ARV uja salowa bwino m'magazi. Funsani anamwino kuti akuuzeni maola osiyanitsira. Amene ayamba mankhwala a chifuwa chachikulu nawonso anene msanga, chifukwa adokotala amawonjezera kapiritsi kena ka dolutegravir madzulo. Kubisira achipatala mankhwala ena amene mukumwa, ngakhale azitsamba, n'kudzipusitsa nokha.

Zimene zinatuluka ku Botswana

Kafukufuku amene boma la Botswana linachita mu 2021 anapeza kuti mwa anthu akuluakulu 100 alionse amene ali ndi kachilombo, 95 ankadziwa. Mwa odziwawo, 98 pa 100 ankamwa mankhwala, ndipo mwa akumwawo, 98 pa 100 tizilombo tinali titachepetsetsa m'magazi. Mu Disembala chaka chomwecho bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linapereka ulemu ku Botswana chifukwa chochepetsa kwambiri chiwerengero cha ana otengera kachilombo kwa amayi awo. Chinsinsi chake n'chomwe chija: mayi akamamwa mankhwala mokhulupirika ali woyembekezera ndi poyamwitsa, tizilombo timachepa, ndipo mwana amatetezeka. Pa mfundo iyi nafenso tili ndi chonyadira, pakuti Malawi ndiye anayamba mu 2011 kuika mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi kachilombo pa ma ARV moyo wake wonse, maiko ena n'kudzatengera.

Kwa amene muli paulendo

Kwa zaka zambiri ma ARV aulere ku Botswana anali a nzika zokha, zokhala ndi chitupa chawo chotchedwa Omang. Mlendo wochokera ku Malawi, Zambia kapena Zimbabwe ankayenera kugula yekha. Wantchito wa m'nyumba kapena wolishya ng'ombe akanaipeza kuti ndalamayo? Ambiri ankangoleka, n'kubwerera kumudzi ali pamachira. Mu 2019 boma linasintha, n'kulola kuti alendo nawonso azilandira ma ARV aulere. Linachita bwino, chifukwa kachilombo sikafunsa chitupa.

Komabe ulendo ndiwo umadula anthu ambiri pamankhwala. Kaya mukudzera ku Lusaka n'kuwoloka pamlatho wa Kazungula, kaya mukudzera ku Johannesburg, yambani mwapita kuchipatala kumene mumalandirira. Auzeni kuti mukuchoka. Pemphani kalata yokusamutsani ndi mankhwala okwanira miyezi ingapo. Tengani kabuku kanu ka kuchipatala. Popanda zimenezi adokotala akumeneko sangadziwe mankhwala amene mumamwa, ndiponso dzina loti 13A ndi lakuno, iwo amalemba mwina. Ndi bwino kutenga botolo lenilenilo, osati kukhuthulira mapiritsi m'kapepala ka shuga pochita manyazi. Botololo likhale m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wopita pansi pa basi, chifukwa katundu amasochera ndipo pachipata cha malire mukhoza kugonapo. Mukafika, musadikire kuti mutsale ndi mapiritsi awiri. Ngakhale dziko la dayamondi limasowa mankhwala nthawi zina: mu Ogasiti 2025 Pulezidenti Duma Boko analengeza kuti zipatala za dzikolo zili pangozi chifukwa cha kusowa kwa mankhwala osiyanasiyana.

Ngati muli ndi mwana, mlongo kapena mwamuna amene akukonzekera ulendo wa ku Gaborone kapena ku Joni, mufunseni za kalata ya kuchipatala asanagule tikiti. Ndipo ngati inuyo munaleka kumwa, kaya papita mwezi kaya chaka, bwererani kuchipatala sabata ino, mukanene zoona zokhazokha, akakuyambitseninso.