Ndudu yoyamba ija ya pa chilimira

Mphwanga, ndikukumbutse usiku wa mwera, mwezi wa Julayi, boti litachoka pa doko la Msaka kulondola nyali za siginala. Manja achita dzanzi, tulo tikukoka zikope, m'mimba muli pululu. Mlovi wamkulu akupichira chingambwe m'kapepala, akukoka kawiri, kenako akupatsira mnyamata wa zaka 15 amene wangoyamba ntchito ya chilimira, ati athamangitse mphepo. Mnyamatayo akutsamwa, anzake akuseka, iye akukokanso kuti asaoneke mwana. Zimenezi ukazipeza ku Makawa, ku Malembo, ngakhalenso ku nyanja ya Malombe.

Ukamufunsa patapita zaka khumi, adzakuuza kuti kusuta n'kufuna kwake, ndalama ndi zake, mapapo ndi ake. Kodi anasankha liti? Pamene ankanjenjemera m'boti muja, akuopa kusekedwa?

Mawu akuti "n'kufuna kwa munthu" ali ndi eni ake. Pa 14 Epulo 1994, akuluakulu asanu ndi awiri a makampani a fodya ku America anaimirira pamaso pa komiti ya nyumba ya malamulo yomwe ankaitsogolera Henry Waxman, nalumbira, n'kunena kuti sakhulupirira kuti nikotini amamanga munthu. Chaka chomwecho panatuluka zikalata zachinsinsi za kampani ya Brown & Williamson, zosonyeza kuti loya wawo analemba kale mu 1963 kuti nikotini amamangadi munthu ndipo ndiye katundu weniweni amene amagulitsa. Mu 1998 makampaniwo anavomera kulipira maboma a zigawo 46 za dzikolo ndalama zokwana madola 206 biliyoni. Ogulitsawo ankadziwa zonse, koma wogula anamusiya mu mdima.

Tsono tibwerere m'boti muja, pakuti cholakwa chagona pamenepo. Mnyamatayo anaganiza kuti akuyesa kamodzi kokha. Nikotini amafika ku ubongo m'masekondi ochepa chabe, ndipo ubongo wa wachinyamata, umene ukadakula, umazolowera msanga kuposa wa munthu wamkulu. N'chifukwa chake osuta ambiri anayamba asanakhwime. Za kuthamangitsa mphepozo ndi bodza: nikotini amafinya mitsempha ya magazi, zala zimazizira kuposa kale. Mtendere umene wosuta amaumva akakoka ndi wa nyere imene ndudu yapitayo inasiya, ndipo yatsopanoyi ikusiyanso ina. Ndi ngongole ya katapira imeneyo, ukabweza lero mawa yakula.

Dziyese wekha. Kodi ukadzuka m'mawa, dzanja limafuna machesi usanasambe m'maso? Usipa ukavuta, ndalama n'kuchepa, umayamba kugula chiyani, ufa kapena ndudu? Unayamba walonjezapo kuti wasiya, Lachitatu lisanafike n'kupezeka uli pa okala? Iwe amene umasala Ramadani, dzuwa likangolowa umathamangira chiyani poyamba, madzi kapena utsi? Ndipo chifuwa cha m'mawa chija, chimene umanamizira mphepo ya m'nyanja, chatha miyezi ingati? Kusuta kumawonjezera mpata wodwala TB, ndipo kwa munthu amene ali ndi HIV ngoziyo imakula. Chifuwa chikapitirira masabata awiri, pita kuchipatala akayeze makhololo. Usadikire kulavula magazi.

Bungwe la WHO limati fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse, ndipo mwa iwo oposa 1 miliyoni sanasutepo, anangopuma utsi wa ena. Ameneyo ndi mkazi wako m'chipinda chotseka, ndi mwana amene wagona pamphasa pafupi nawe. Agogo amene amanunkhiza fodya wa m'mphuno kapena kuika kukamwa nawonso sali pabwino, nikotini ndi yemweyo.

Apa m'pamene nkhani ya malamulo imandivuta mumtima. Tonse tikudziwa kuti fodya ndiye wakhala akubweretsa ndalama zakunja zambiri m'dziko muno, kuchokera ku minda ya ku Namwera mpaka ku okushoni ya Limbe ndi Kanengo. N'chifukwa chake tinazengereza: pangano la dziko lonse lapansi lothana ndi kusuta linayamba kugwira ntchito mu 2005, koma Malawi analowamo mu 2023. Panganolo limati ana osakwana msinkhu asagulitsidwe fodya, mayiko ayesetse kuletsa kugulitsa ndudu imodziimodzi, chenjezo likhale lalikulu pa paketi, ndipo malo a anthu ambiri akhale opanda utsi. Silikulamula mlimi kuzula fodya wake, ngakhale ena amafalitsa choncho.

Koma taona mmene mlovi amagulira. Ndani padoko amagula paketi yonse? Amagula imodzi, ziwiri, ndi ndalama yotsala pogula mandasi. Chenjezo lolembedwa pa paketi limatsala m'manja mwa wogulitsa. Chingambwe ndiye alibiretu paketi, alibe msonkho, alibe chenjezo. Lamulo longodalira kuti munthu awerenga, aganiza mofatsa, kenako asankha, likuyembekezera munthu amene kulibe m'boti muja. Kuweruza kwanga n'kwakuti aphungu athu ayambire pa ndudu imodziimodzi ndi pa mwana wotumidwa ku okala, popeza khomo limene ambiri amalowera ndi limenelo. Nawo mafumu ndi makomiti a m'madoko, amene amatha kulanda maukonde oletsedwa nyengo yotseka nyanja, akulephera bwanji kuuza wogulitsa kuti asapatse mwana ndudu?

Pepala losainidwa ku likulu lidzachedwa kufika ku Makanjira. Pakadali pano mlonda ndiwe. Ngati wayamba kale, sankha tsiku, uuze akwanu, utaye machesi, ndipo udziwe kuti masiku oyambirira ndiwo owawitsa, ukagwa, yambiranso. Koma chonde mphwanga, usatume mwana kukakugulira ndudu, usamutume kukakuyatsira pa mbaula, ndipo mnyamata watsopano akamanjenjemera m'boti usiku uno, um'patse jekete.