Phunziro: Chilolezo cha Mlendo Wofuna Kupumira Ukalamba Wake M'Zambia

Aliyense amene anafikapo ku Mkaika m'boma la Katete kumapeto kwa mwezi wa Ogasiti, pamene mafumu a Achewa a ku Malawi, a ku Mozambique ndi a muno m'Zambia amadzagwada pamaso pa Kalonga Gawa Undi pa mwambo wa Kulamba, adziwa kuti Achewa a maiko atatuwa ndi a mimba imodzi, olankhula chinenero chimodzi ndi ovina gule mmodzi. Koma ngakhale magazi ali amodzi, maboma ndi atatu, ndipo lililonse lili ndi kaundula wake wa eni dziko ndi wa alendo. N'chifukwa chake mkulu wobadwira ku Mchinji, amene anathera mphamvu zake ku migodi ya ku Kitwe, ndipo tsopano afuna kupuma pakati pa adzukulu ake ku Vubwi kapena ku Sinda, lamulo limamuyesabe mlendo kufikira tsiku limene adzalandire unzika.

Lamulo losunga alendo muno ndi Immigration and Deportation Act la chaka cha 2010, ndipo oliyendetsa ndi a Imigireshoni, amene likulu lawo lili ku Kent Building mu Lusaka. Kuno kum'mawa ofesi yawo yaikulu ili ku Chipata, ndipo amakhalanso pa zipata, monga cha Mwami cholowera ku Malawi ndi cha Chanida, kumene msewu wochoka ku Katete umatulukira ku Mozambique.

Tiyambe ndi chidindo, pakuti apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Mlendo wa ku Malawi safuna viza kuti alowe m'Zambia. Amapereka pasipoti yake, ofesala nadindamo tsiku lolowa, nalembamo ndi cholembera masiku amene wamupatsa, kawirikawiri 30. Tsegulani tsambalo muliyang'anitsitse. Mukaona 20/08, dziwani kuti nambala yoyamba ndi tsiku ndipo yachiwiri ndi mwezi, ndiye kuti analowa pa 20 Ogasiti, ndipo masiku ake 30 adzatha 20 Seputembala isanakwane. Masikuwo asanathe, mlendo ayenera kudzionetsa yekha ku ofesi ya Imigireshoni kuti amuwonjezere ena, koma onse pamodzi sapitirira 90 m'miyezi 12. Wofuna kukhalitsa kuposa apo amapempha Visiting Permit, chilolezo cha wodzacheza, chimene ndi cha miyezi yowerengeka chabe ndipo sichilola kulowa ntchito. Akulu anati mlendo ndi mame, ndipo zilolezo zimenezi zinapangidwira mlendo wotere, wobwera lero mawa n'kubwerera kwawo.

Nanga nkhalamba imene siifunanso kubwerera? Kwa iyo chilolezo choyenera ndi Residence Permit, cha kukhazikika m'dziko, ndipo makomo olowera kwa icho ndi angapo. Amene wagwira ntchito muno ndi chilolezo cha ntchito zaka 10 zotsatana angathe kuchipempha. Amene anakwatira kapena kukwatiwa ndi mbadwa ya Zambia amayamba ndi Spouse Permit, chilolezo cha ukwati, nachikonzanso nthawi yake isanathe, ndipo akachisunga zaka 5 khomo limamutsegukira. Koma palinso khomo la wopuma pa ntchito, limene ambiri a ife sitinalimvepo: munthu wofuna kudzakalambira muno, akasonyeza umboni wakuti ali ndi penshoni kapena chuma china chomudyetsa masiku onse a moyo wake, lamulo limalola kuti apemphe kukhazikika. Boma limafunsa za penshoni chifukwa lifuna kutsimikiza kuti mkuluyo sadzasauka pakati pa anthu a eni, ndipo kufunsa kotere ine ndikuona kuti n'koyenera, ngakhale kumalemera pa mlimi amene chuma chake chonse ndi ng'ombe ndi nkhokwe, zimene sizitulutsa kalata ya kubanki.

Pokonzanso chilolezo, kapena popempha china, zofunika zimasiyana monga mwa mtundu wake, koma zimene sizisowa ndi izi: kalata yopempha, makope a masamba a pasipoti otsimikizidwa ndi chidindo, chithunzi chaching'ono cha nkhope, chilolezo chakale, umboni wa chifukwa chokhalira muno monga setifiketi ya ukwati kapena makalata a penshoni, ndi ndalama imene boma linaika. Masiku ano mapempho amatumizidwa pa intaneti, ndipo n'chifukwa chake okalamba ambiri amadalira ana ndi adzukulu odziwa foni ndi kompyuta. Kuthandizana kumeneku n'kwabwino, koma mwini chilolezo asunge yekha lisiti lililonse, aliike m'pepala la pulasitiki pamodzi ndi pasipoti, kutali ndi chiswe ndi denga lodontha. Ndipo achenjere ndi munthu wokumana naye pa msika, wonena kuti adziwana ndi akuluakulu ndipo adzatulutsa chilolezo m'masiku awiri. Ndalama yoperekedwa m'manja popanda lisiti la boma yapita, ndipo chidindo chabodza chimamangitsa wochinyamula. Safunsa anadya phula: kufunsa pa ofesi sikulipiritsidwa.

Pali zinthu ziwiri zimene zimagwetsa ngakhale amene analandira kale chilolezo chokhazikika. Choyamba ndi pasipoti, imene ili ndi tsiku lakelake lothera. Ya ku Malawi ya munthu wamkulu imakhala zaka 10, ndipo oikonzanso ndi boma la Malawi, osati la Zambia. Choncho wofika ku Imigireshoni ndi pasipoti yakufa amabwezedwa kuti akayambe wakonza iyo. Chachiwiri ndi kuchoka m'dziko nthawi yaitali osadziwitsa: mkulu akapita kumudzi kukadwazika mlongo wake, miyezi n'kuchuluka, angapeze pobwera kuti chilolezo chake chinatha mphamvu. Asananyamuke ulendo wotere ayambe wafika ku ofesi, anene kumene apita ndi nthawi imene akakhale.

Wina adzati, ine ndili ndi reji, chitupa chija cha boma, chilolezo n'chachiyaninso? Yang'anani mtundu wa rejiyo. Yobiriwira ndiyo ya nzika. Alendo okhala muno amapatsidwa ya pinki kapena ya buluu, ndipo imeneyo siilowa m'malo mwa chilolezo. Koma wokhala muno zaka 10 ali ndi chilolezo chokhazikika angathe kupempha unzika, ndipo kuyambira mu 2016 malamulo aakulu a Zambia amalola munthu kukhala nzika ya maiko awiri.

Amene masiku ake atha osakonzanso, lamulo limamuyesa wokhala m'dziko popanda chilolezo, ndipo angathe kulipitsidwa, kutsekeredwa, ngakhale kuperekezedwa ku chipata. N'zomvetsa chisoni kuti gogo wa imvi, amene anabatiza ana ake m'tchalitchi cha m'mudzi muno ndi kuika mkazi wake m'manda a muno, achite manyazi otere chifukwa cha manambala anayi amene sanathe kuwawerenga, pamene m'nyumba momwemo munali wodziwa kuwerenga amene sanafunsidwe.

Inu amene mwafika pa phunziro lino manambala mukuwadziwa tsopano. Ngati pakhomo panu pali apongozi, amalume kapena agogo ochokera tsidya lina la malire, apempheni mwaulemu akuonetseni mapepala awo, muwawerengere tsiku lothera pasipoti ndi lothera chilolezo, mulilembe pa kalendala, ndipo likayandikira muwaperekeze ku ofesi nthawi ikadalipo.